Motobomba ya Edite, Yopopa Madzi Pachithunzi Pokha

Tsangano, 14 de Outubro

Kwa Excelentíssimo Senhor Director,
Msika Wam'manja, Limitada,
kulikonse kumene muli, poti ofesi yanu palibe anaionapo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba chogwada, ine Glória Chimphanje, mphunzitsi wamba wa Química kuno ku Tsangano, kuti ndikuthokozeni chifukwa cha msika umene mwatiikira m'mafoni. Kale munthu wofuna kunamizidwa ankayenera kukwera shapa, kaminibasi kathu kaja, mpaka ku Tete, fumbi lili m'maso. Lero bodza likumatipeza tili khale pakhonde. Chitukuko chotere sitingachiiwale.

Nkhani yake ndi iyi. Mlamu wanga Edite, wa ku Ntengo-Wambalame, ndi mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo chilimwe chino anadzala kachewere dimba lonse. Kuthirira ndi ndowa kutamuthyola msana, anaganiza zokagula motobomba, makina opopa madzi aja, m'sitolo ku Ulongwe. Amene anamuletsa ndine. Inde, ineyo, wa licenciatura, digiri yathunthu. Ndinamuuza kuti anthu ozindikira masiku ano amagula pafoni. Anagulitsa mbuzi zake, n'kundimvera.

Tsono ndiloleni ndiyale zothokoza zanga.

Choyamba, chithunzi. Bwana, motobomba imene tinaiona pamsika wanu inali yofiira ngati tomato wa m'dimba, payipi ikulavula madzi mpaka foni ngati inyowe. Pansi pake panalembedwa kuti seminova, kunena kuti yatsopano ndithu, kungoti inagwirako pang'ono. Imene inafika m'thumba la feteleza inali ya mtundu wa chulu, yonunkha khola. Sindikukana kuti ndi yomweyo. Nanenso ndili ndi chithunzi cha tsiku la ubatizo wanga, ndipo ndine yemweyo, koma sindingachitumize kwa munthu wofuna banja.

Chachiwiri, nyenyezi zimene ogula amapatsa ogulitsa. Wogulitsayo, wodzitcha Alfredo Original, ali nazo zisanu zodzaza, ndi kachizindikiro kobiriwira kakuti munamufufuza. Ndazindikira mmene amazipezera. Uthenga wanu wofunsa nyenyezi umabwera katundu akangofika. Kwathu kuno shapa siima, imangochepetsa liwiro. Thumba amaliponya m'mbali mwa msewu, iwe n'kutsala ukutsokomola. Foni inafunsa ngati katundu wafika. Anali atafikadi. Ndinadina zisanu, thumba lisanamasulidwe. Choncho pa mboni zonena kuti Alfredo ndi munthu woona mtima, dzina langa lilipo. Zikomo pondilemba ntchito yomwe sindinafunsire.

Chachitatu ndiye chachikulu. Titakoka chingwe tsiku lonse makina osatsokomola n'komwe, tinawanyamula pa njinga kupita kwa a Mavuto, makaniko wa pamsika. Atangovundukula anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anawapatsa moni ngati mbale wochokera kutali. Akuti aka n'kachinayi kuwatsegula. Anayamba kubwera nawo ndi katekisita wa ku Furancungo, kenako namwino wina, kenako mlimi wa fodya amene analira misozi yeniyeni. Anationetsa waya wa njinga amene anamangira okha m'kati chaka chatha, alipobe. Onsewo anagula pamsika wanu, ndipo onsewo, atapsa mtima n'kuzizira, anagulitsanso pamsika wanu womwewo, ndi chithunzi chofiira chomwe chija. Motobomba imeneyi yayendera maboma a Macanga ndi Tsangano kuposa ena amene tinawavotera. Madzi okha ndiwo sinawaonepo.

Chachinayi, chisamaliro chanu kwa odandaula. Ndinakwera ndi Edite kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi, kumene foni imagwira ikafuna, n'kutumiza dandaulo. Yankho linabwera mwaulemu kuti Alfredo sakupezekanso, koma ndisataye mtima, nanenso ndingathe kugulitsa katunduyo kwa inu komweko mwaulere. Ndinayesa. Ndinalemba zoona zokhazokha: motobomba yakufa, yabwino kukhalira kapena kutsekera khomo la khola. Makina anu anakana, ati mawu angawa ndi ofooketsa ogula. Anandipatsa oti ndisankhepo atatu: nova, seminova, impecável, kutanthauza yatsopano, yogwirako pang'ono, yopanda banga. Kenako, mwa chifundo chawo, ananditulutsira chithunzi chofiira chija kuti ndisavutike kujambula.

Pano ndiulule, Bwana. Chala changa chinaima pamwamba pa seminova kwa kanthawi ndithu. Anandigwira dzanja ndi Edite, amene sukulu analekera quarta classe, kalasi yachinayi. Sanachulutse mawu. Anangoti kwinakwake kuli mayi wina amene akadali ndi mbuzi zake, timusiyire. Maphunziro amenewo ku univesidade sitinafikepo. Choncho ndikupepesa kuti ulendo wa motobomba yanu wathera pa ife. Ili pansi pa mtengo wa pichesi, nkhuku ikuikira m'mbali mwake.

Tsopano ndi Outubro. Inu a mumzinda mwina simudziwa: kachewere akachita maluwa ndi pamene amamwa madzi ngati chidakwa. Wa Edite wachita maluwa. Hafu ya dimba tikuilimbira ndi ndowa, iye tsiku lililonse, ine Loweruka, ndipo anthu akamadutsa amandipatsa moni kuti dotora wa pafoni. Hafu inayo yagona, masamba apiringizika ngati fodya. Mmenemo ndi mmene munali nsapato za ana, makope a chaka chamawa ndi chimanga cha miyezi ya njala.

Sindikupempha mbuzi, ndikudziwa kuti zinalowa m'foni ndipo sizituluka. Pempho langa ndi laling'ono. Titumizireni wojambula wanu uja, katswiri woukitsa akufa, abwere ku Ntengo-Wambalame sabata ino dimba lisanapseretu. Alijambule mwa luso lake, libiriwire, mbatata zake zikhale ngati mitu ya ana. Ikadzafika Janeiro, ana a Edite akadzafunsa chakudya, tidzawayatsira foni aziona. Ngati angakhute, ndidzakulemberani kalata ina yopepesa, ndipo nyenyezi ndidzadinanso zisanu.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zipsera,

Glória Chimphanje,
Licenciada, wotunga madzi.