Phala la Zuze ndi Pakamwa Panga

Lolemba

Nkhondo yayamba lero. Mwana wanga Esinati wabwerera dzulo kuntchito yake ya kunzimbe ku Chikwawa, ndipo wasiya mawu olemera: akabwera Lamulungu n'kupeza Zuze akukanabe kudya m'mawa, amutenga akamusiye kwa apongozi ake ku Tengani. Akuti kusikelo mwana sakukwera. Ku Tengani, tsidya la Shire! Kamdzukulu kanga kamene kamagona katagwira khutu langa!

Zuze ali ndi zaka ziwiri. Mawu ake aakulu ndi amodzi, okana, a Chisena cha bambo wake: "Nkhabe!" Masana amatolako pang'ono, madzulo pang'ono, koma m'mawa nkhabe basi.

Mayi a Esinati amalawirira kudimba, ndiye ndati siyirani ine. Ine amene ndikayamba nkhani padoko pano pa Makhanga, wopalasa bwato amaiwala kuwolotsa anthu! Kamwana kangandikanike?

Phala la mapira lothira nsinjiro. Nkhani ya ng'ona imene inameza njinga n'kumalira belu m'mimba. Zuze maso tong'o, osaphethira. Ndikafikitsa supuni akuikankha. "Nkhabe!"

Phala ladyedwa ndi bakha.

Lachiwiri

Mwina vuto ndi mapira. Lero mbatata yootcha, yonyenya ndi mkaka wa mbuzi. Kukama ndakama ndekha. Mbuziyo yandiponda pachala, yandimenya pachibwano, kenako yaponda m'chikho. Zimene ndaiuza sindilemba.

Nkhani ya mvuu yopempha fodya. Ndikuchita mawu a mvuu, ndikutupitsa masaya, ndikukwawa pabwalo. Mwana akuwomba m'manja mpaka kugwa chagada. Akadzuka, milomo wamata ngati chibade cha kamba.

Abale, mphamvu zoterezi zikuchokera kuti m'kathupi kotere? Ndaona ng'ombe yokana goli, ndaona Ruo atakana njira yake, koma kukana kwa Zuze n'kwina. Sakwiya, salira. Amangokuyang'ana mwachifundo.

Mayi a Esinati pobwera: "Bambo a Esinati, bakhayu mukumunenepetsera Khirisimasi?"

Lachitatu

Mbiri yamveka. Amayi opita kumjigo atula zidebe kuseri kwa mpanda, akuti akufuna kuona mwamuna akuphika phala. Aliyense ndi nzeru yake:

phala la malambe, lowawasa pang'ono;
nthochi yofinya;
dzira lophikira m'phala momwemo;
kumutsina mphuno (ayi!);
"Mum'patse thobwa, achimwene, adzayamba kuvina."

Ndapanga zitatu zoyambazo. Mbale zitatu pamphasa ngati kwabwera alendo a ukwati. Poona anthu achuluka, pakamwa panga payabwa, ndatulutsa nkhani ya chaka chimene madzi anatinyamula ndi denga lomwe, ine pamwamba ndi tambala ndi mtondo. Amayi aja aiwala mjigo. Wina walira. Zuze wakhala patsogolo penipeni, manja pamawondo ngati mkulu wa mpingo.

Nkhani yatha, dzuwa lafika pamutu. Phala lauma, nthochi yada, ntchentche zikuchita msonkhano.

Madzulo ndamunyamula. Wapepuka ngati dengu la thonje.

Lachinayi

Ndaganiza za nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene tinatipulumutsa pa njala. Amake a Zuze anakula nato. Mwina magazi ake atikumbukira.

Ndalowa m'dambo kusanache bwino. Madzi m'chifuwa, ozizira ngati mpeni. Ndikufufuza matope ndi zala za kumapazi, diso limodzi kubango chifukwa ng'ona sizidziwa kuti ine ndi agogo a munthu.

Koma zimene ndaona! Nkhungu yagona pamadzi, akakowa aima mwendo umodzi, maluwa akutseguka limodzilimodzi dzuwa likamawakhudza. Mvuu yapuma patali, fuu! Ndafuna kuuza munthu, palibe munthu. Ndauza akakowa, athawa.

Kunyumba ndawiritsa, ndasenda, ndasinja, ndikufotokoza zonse mano akugundana. Zuze watola kamodzi, wakayang'anitsitsa, wagenda nako bakha. Sanaphonye. Dzanja lili bwino ndithu mwanayu!

Kukhosi kwayamba kukanda.

Lachisanu

Mawu apita. Ndikutsegula pakamwa, mukutuluka mphepo yokha ngati pampu ya njinga. Chibadwire sizinandichitikirepo.

Mayi a Esinati: "Ha! Kodi m'mudzi muno muli mbalame?" Apita kudimba akuyimba.

Mphamvu ndilibe. Ndaphika phala la mapira lopanda kanthu, kamchere basi, la mibulu. Ndaika pamphasa, ndatsamira khoma. Mumtima ndatsanzikana naye kale: pita ku Tengani, mwana wa mwana wanga, agogo ako alephera.

Zuze wandiyang'ana pakamwa. Wadikira. Wanditsegula milomo ndi chala, wasuzumiramo. Mulibe kanthu. Wapuma mozama ngati munthu woweruka ntchito, wakhala pansi, wakoka mbale.

Wadya.

Wadya, abale! Ndi supuni, kenako ndi manja onse awiri, kenako wanyambita mbale n'kuivala kumutu. Bakha waima pambali ngati wamasiye. Ine misozi chuchuchu, kufuula sindingathe. Ndathamangira kumpanda kuti ndiitane anthu, ndangogwedeza manja ngati woingitsa mbalame m'mapira.

Loweruka

Usiku tulo sindinatione bwino. Phala lake lomwe lija la Lolemba, loipa kuposa pamenepo. Chasintha n'chiyani? Mtima ukundiuza, ine sindikufuna kumva.

Mawu abwerako pang'ono, okhala ngati a chule. Ndiyese.

Ndaika phala, ndakhala chete. Akudya. Ndati, "Tsiku lina ng'ona..." Supuni yaima m'malere, maso pa ine. Ndatseka pakamwa. Wadikira, wayambanso kudya. Ndati, "Ndiye mvuu ija..." Waika supuni pansi, wakankha mbale ndi phazi. "Nkhabe!"

Kani mwanayu sakana phala. Supuni imamutchinga nkhope yanga, kutafuna kumamutseka makutu. Masana ndi madzulo ndimakhala ndili kubawo, n'chifukwa chake amatolako. M'mawa ndiye ndimadzuka ndi nkhani za usiku wonse zitadzaza m'masaya.

Ndakamba nkhani zaka zonsezi, ndasekedwa, ndaomberedwa m'manja, ena andigulira mowa. Koma munthu wosiya chakudya, n'kulolera kuwonda kuti asaphonye liwu langa limodzi, uyu ndi woyamba. Ndachita mantha. Ndamuyang'ana nthawi yaitali, iye akumata phala m'khutu.

Ndafotokozera mayi a Esinati. Aseka mpaka akhala pansi. "Ine ndawonda nanu kuyambira tsiku la ukwati, munandifunsapo?"

Lamulungu

Esinati wafika ndi bwato loyamba, chikwama cha zovala za mwana wabwera nacho chopanda kanthu, chokonzeka. Wandipeza ndili pamphasa, nsalu ya amake ndamanga pakamwa. Zuze akukomba mbale yachiwiri.

"Ababa, mwadwala dzino?"

Ndapukusa mutu. Amake amuuza zonse, ndipo awonjezera zambiri zimene sizinachitike. Ine wosatha kudziteteza! Lero ndadziwa mmene amamvera anthu a m'nkhani zanga.

Esinati wanyamula mwana, wamupima m'manja, wamusisita kamimba kolimba ngati ng'oma. Wapinda chikwama chija, wakhalira.

"Akhale. Koma ababa, m'mawa uliwonse, kufikira mbale iyere, musatsokomole n'komwe."

Ndavomera ndi mutu. Ndikanatani?

Choncho nkhani zikandiyabwa m'mawa ndizizithira m'kope muno, ndi zilembo zanga zokhota zimene ndinaphunzira imvi zitamera kale. Pepala silikuwa, siliseka, silifunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani.

Zuze wamaliza. Wabwera, wamasula nsalu ija yekha, wandikhala pamwendo, wagwira khutu langa.

"Agogo. Ng'ona."