Chimanga cha Gelesomu ndi Nkhonya Imodzi ya a Kandulu

Anyamata inu mwandigonthetsa m'kutu. Chiyambire m'mawa mukungokangana za nkhonya zadzulo, uyu akuti majaji anabera, uyo akuti woimbira anadyetsedwa chibanzi. Takhalani pansi ndikuuzeni za mwambi wina umene mumangoutchula osadziwa kumene unachokera. Mwambi umenewu unayamba motere.

Pamsika wa kwathu pankachitika mpikisano wa nkhonya chaka ndi chaka. Wopambana ankatenga lamba n'kukaimira dera lonse kutauni. Chaka china anatsala awiri, Lufeyo ndi Yotamu. Lufeyo ankaponya manja ngati akupuntha nyemba, pamene Yotamu ankangotchinga, kudikira, n'kubweza imodzi yokha koma yomveka mpaka kwa ogulitsa tomato. Ndime zonse zitatha, onse awiri anali chilili. Majaji awiri anapatsa Yotamu, mmodzi Lufeyo, ndipo woimbira, a Kandulu, telala wokalamba woonda ngati bango, anakweza dzanja la Yotamu.

Tsono panali Gelesomu, malume ake a Lufeyo, munthu amene sanavalepo golovesi chibadwire koma wodziwa zonse. Iyeyu anabwera kumpikisanoko ndi njere za chimanga. Mphwake akaponya nkhonya, iye ankaika njere m'thumba lakumanja. Akaponya Yotamu, lakumanzere. Zitatha anakhuthula matumba onse pamaso pa anthu. Kumanja kunatuluka mulu woti nkhuku n'kukhuta, kumanzere tinjere towerengeka.

Mkangano umene unabuka apo, mpaka lero mutu umandiwawa ndikaukumbukira. Masiku atatu msika sunayende bwino. Ometa ankasiya munthu mbali imodzi yosameta n'kupita kukatsutsana ndi ogulitsa nyama. Ena ankati nkhonya zambiri za Lufeyo zinkathera m'magolovesi a mnzake, ena ankati nkhonya ndi nkhonya basi. Gelesomu ankazungulira ndi chimanga chake m'mbale, kuonetsa aliyense, ngakhale amayi ongodzagula mchere. A komiti ya mpikisanowo atatopa nazo anaitanitsa msonkhano, n'kunena kuti Gelesomu akapereka umboni womveka, lamba alandidwa kwa Yotamu n'kupatsidwa kwa Lufeyo.

Pamsonkhanopo a Kandulu anafotokoza mofatsa kuti majaji sawerenga manja oponyedwa, amaona nkhonya yofika ndi kulemera kwake. Gelesomu sanawalole n'komwe kumaliza.

"Madala, musatinamize pano. Khumi ndi zambiri kuposa imodzi, ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa. Bwerani tiyese. Ine ndikumenyani khumi, inu mubweze imodzi, anthu aone okha yopambana."

Akuluakulu anamuletsa. Anamukumbutsa kuti a Kandulu, asanagwire makina osokera, anakhala zaka zambiri akumenya nkhonya kumigodi ya ku Joni. Ngakhale Lufeyo mwini wake anawakoka malaya malume akewo, kuwapempha kuti angozisiya. Koma munthu wake anali uja womva zake zokha. Anati telala ndi telala, mphamvu zake zinathera kale pa singano.

A Kandulu anavula jekete, kuipinda bwinobwino, n'kuvala magolovesi. Gelesomu anayamba, anthu akuwerenga mokweza. Yoyamba inagwera pachigongono, yachiwiri m'golovesi, yachitatu inapita ndi mphepo. Pofika yachisanu ndi chiwiri anali akupuma ngati wakwera phiri atasenza thumba la makala, ndipo yakhumi inangowasisita akuluwo paphewa. Komabe anatembenukira anthu akumwetulira, manja m'mwamba, ngati wachita zakupsa.

"Mwamaliza, bambo?" anafunsa a Kandulu. "Ndibweze tsopano?"

Ine ndinali pompo, koma nkhonyayo sindinaione. Ndinangomva phi! m'nthiti, kenako ndikuona Gelesomu ali pansi, miyendo tambalale, kukamwa yasa, mpweya osalowa osatuluka. Anamuthira madzi, ena akumukupiza ndi chipewa. Wapampando wa komiti, amene nkhaniyi inali itamufika pakhosi, anawerama n'kumufunsa ngati lamba alandidwebe kwa Yotamu.

Gelesomu anapukusa mutu. Mawu atabwerera, anagwira nthiti zake n'kunong'ona kuti, "Musiyireni mwanayo lamba wake. Nkhonya yobwezera kuwawa."