Tasibihi ya Kampani

Nkhani iyi ndimaibisa ngakhale kwa achemwali anga, koma poti Ulongwe yense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndine woyendayenda. Ndasenzapo matumba ku Nayuchi, ndathyolapo fodya ku Kasungu, ku Joni ndinabwerako ndi jekete yokha. Nditabwerera kwathu ku Ulongwe, achemwali anandilandira motere: "Achimwene, imvi zayamba. Ntchito yotsatirayi mukaitayanso, pakhonde panga pano musadzapondepo."

Ndiye kampani yokonza msewu itafuna anthu owerenga magalimoto, woyamba pamzere ndinali ine. A injiniya ake anali mayi wachitsikana wa magalasi.

"Bambo Chikopa, traffic count munapangapo?"

"Madamu, ku Joni ndinkachita kutopa nayo!"

Bodza lenileni. Ku Joni magalimoto ndinkangowathawa.

Anandipatsa reflector, chovala chonyezimira chija, ndi kamakina kachitsulo kokwana m'manja, kodina ndi chala chachikulu. "Galimoto kapena njinga yamoto ikadutsa pamphambanoyi, dinani kamodzi. Nambala imeneyi ndi imene itiuze ngati pano pakufunika mahampu kapena raundi. Anthu akugundidwa pano, musasewere nayo. Ndibwera masana."

Ulongwe wa ubwana wanga, basi ikadutsa tinkaikamba mpaka madzulo. Lero minibasi, malole a chimanga, akabaza ngati njuchi!

Koma akabazawo atangoona reflector anayamba kukhotera kuseri kwa msika, kundiyesa wa traffic. Ndinati iyayi, andiwonongera nambala. Ndinaivula n'kuikhalira pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa litakula ndinavala kachipewa koyera kamene ndinagula ku Nayuchi. Ndipo kuti ndisasokonezeke ndinkanong'ona ndekha: "Lole... minibasi... kabaza..." Milomo ikugwedera, chala chikudina.

"Asalamu aleikumu, ashehe!"

Anali mkulu wina wa ndevu zoyera, atagwira ndodo. Ine, pofuna kuonetsa kuti dziko ndaliyenda, ndinayankha bwinobwino mpaka kumapeto: "Wa aleikumu salamu warahmatullahi wabarakatuh!"

Ine mwana wa Katolika, wosowa kutchalitchi zaka zambiri!

Mkuluyo anakhala pambali panga, nati dzina lawo ndi Che Saidi. Anayang'anitsitsa kamakina kaja.

"Tasibihi yamakono imeneyi! Yanga ya mikanda, imene ndimawerengera zikiri, inaduka dzana. Tandibwerekani pang'ono, nanenso nditamande Mulungu."

"Ambuje, iyi kwenikweni ndi..."

"Sikomo, sikomo." Anali atakatenga kale.

Anatsinzina. Kete-kete-kete-kete! Chala cha mkulu ameneyu, abale, makina osokera sangachipeze.

Munthu wamkulu ali pakati pa pemphero ungamukwatule bwanji? Lole inadutsa. Minibasi ziwiri. Ndinayamba kuunjika timiyala pansi, galimoto iliyonse kamwala kake.

"Taonani kudzichepetsa," anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Yabwino apatsa mnzawo, iwo akupempherera miyala!"

Che Saidi atatsegula maso ndinatambasula dzanja, koma iwo anaitana mnzawo wosoka nsapato. "Che Amidu, tabwerani muilawe! Yofewa ngati batala!"

Kete-kete-kete-kete!

Mayi wa tomato anandigwadira, akuti ndipempherere mwana wawo mayeso. Ndinangoti "Amina", maso ali kumsewu, m'mutu muli khonde la achemwali. Kenako mbuzi inadutsa pakati pa timiyala tanga n'kumwaza tonse.

Kamakina kanabwerera m'manja mwanga nthawi yomweyo imene pikiyapu ya kampani inaima. A injiniya anatsika, anandiyang'ana chipewa, anayang'ana reflector ndaikhalira, kenako nambala. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Bambo Chikopa, zonsezi zadutsa pano m'mawa uno?"

"Madamu... lero ndi tsiku la msika."

"Msika wake uti? Ngakhale pakati pa Limbe sipadutsa zotere! Ndikalembe kuti pa Ulongwe timange flyover?"

Ndisanapeze bodza lachiwiri, Che Saidi anagogoda ndodo pansi.

"Mama, musawapatse ashehe zonse. Zambiri mmenemo ndi zanga ndi Che Amidu. Iwowa anali ndi miyala."

A injiniya anayang'ana mkulu uja, anayang'ana ine, mapewa awo n'kuyamba kugwedera.

"Ambuje, awa si ashehe. Ndi wantchito wanga, amawerenga magalimoto."

"Iii! Nanga moni uja anautenga kuti?" anafunsa Che Saidi.

Msika wonse unagwa ndi phwete. A injiniya anapukuta misozi, nati, "Bambo Chikopa, traffic mwawerengayi ndi yopita kumwamba. Ife tikukonza msewu wa ku Mangochi!"

Kamakina anandilanda, kuwerenga kunayambiranso mawa lake ndi munthu wina. Ine sanandichotse ntchito, anandipatsa mbendera yofiira yoimitsira magalimoto, akuti imeneyo palibe angaibwereke popemphera. Khonde la achemwali ndikadali nalo, koma kabaza aliyense ndikamuimitsa amakuwa: "Ashehe, tidutse?"

Moni wa eni usamauyankhe mpaka kumapeto ngati nyimbo yake suidziwa.