Mayeso a Zikope Zanga

Mayeso oyamba pa moyo wanga ndinakumana nawo kuno ku Perth, ndipo ndinakhoza. Kukhozako ndiye linali tsoka. (Iwe Tadala, lemba mmene ndikuneneramu, usakonze.)

Ndinabwera kudzaona khanda kwa mwana wanga ku Balga, korona n'kutseka malire, basi ndakhala. Ndiye zikope zangazi zinayamba kugwa ngati makatani. Kukamwa masiki, kumaso zikope, mwati munthu aonera pati? Tsiku lina ku Cannington ndinapereka moni kwa chidole chovekedwa suti m'sitolo, mpaka kuchinyodola kuti n'chamwano.

Mpongozi wanga, amake Tadalayu, ndi nesi. Mkazi ameneyu Mulungu amusunge. Chibwerereni changa ankandilipirira inshuwalansi ya chipatala, ine osadziwa. Anati, "Amayi, zikopezi akhoza kuzikweza. Koma inshuwalansi imalipira akakhala matenda, zodzikongoletsa ayi. Ndiye kuli mayeso kaye. Mukaona kakuwala, muzidina batani."

Ine ndinangogwira mawu akuti mayeso. Sukulu sindinaipondeko. Ndinati mumtima, ana anga ophunzira chonchi, ndikawachititse manyazi pamaso pa mzungu? Ayi ndithu.

Tsikulo ndinamanga duku mokokera kumbuyo, gwa! Chipumi chinakwera, zikope n'kutsatira, maso tong'o ngati kadzidzi. Mutu kuwawa, koma ndikuona mpaka nyerere. Mpongozi anamusiya panja, poti nthawi ya korona ankalowetsa mmodzimmodzi. Mkatimo ndinadina batani lija ngati ndikuswa nsabwe, osaphonya. Adokotala atandifunsa ndinati, "Fayini, thenkyu." Kwathu wamkulu sadandaula kwa mlendo. (Usaseke iwe, cholembera chikugwedera.)

Zotsatira zinati agogowa akuona bwinobwino, opaleshoniyo ndi yongodzikongoletsa. Inshuwalansi inakana. Mwana wanga kuseka mpaka misozi. "Amayi, mwayamba kutchena? Kutchalitchi kuli bambo wina kapena?"

Mpongozi sanaseke. Anabwera kuchipinda, n'kugwada, n'kuyang'ana mzere umene duku linasiya pachipumi panga.

"Amayi, duku limeneli munamanga nokha?"

"Ndimafuna ndikhoze, mwanangu."

Anati, "Mwakhozadi, ndipo ife tanyadira. Koma amene amayesedwa ndi maso, osati inu. Ulendo uno musawauzire mayankho."

Mwamva nzeru zake? Munthu kukudzudzula ngati akukupaka mafuta! Anaimbira adokotala, n'kuwafotokozera zoona zokhazokha. Akuti nawonso anaseka, n'kundiitananso. Ndinapita mutu uli pamtunda, duku mpongozi atalisunga m'chikwama chake. Ndinalephera mochititsa kaso. Inshuwalansi inalipira, zikope anakweza, pano ulusi ndimalowetsa ndekha pasingano.

Akuti ndaphunzirapo kuti kwa dokotala sitipitira ulemu. Chabwino, ndamva. Koma pepala loyamba lija ndinaliika mu Baibulo, ndipo ndikabwerera kwathu ndikaonetsa amvano onse. Kukhoza n'kukhoza basi.