Momwe Ndinasandukira Kazitape ku Kasakula

Mpaka lero ndikamadutsa ku Kasakula ndimatsitsa chipewa, ngakhale ambiri odziwa nkhaniyi anatisiya kale.

Mayi akunyumba atamwalira ndinakhala ndekha zaka zingapo. Kenaka pamsonkhano wa mpingo ndinaona mayi wina wamasiye wa ku Kasakulako, a Nabanda. Ndinapempherera nkhaniyi, mtima n'kukhazikika pa iwo. Koma ine ndinaleredwa kuti nkhani yaikulu saigwera pamutu. Umayamba waizungulira, mwiniwake aimve yekha. (Malemu aja anachita kundifunsirira amalume, choncho luso lofunsira ndinalibe.)

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanayankhule. Ine za zimenezo sindinaganizeko. Ndinavala jekete langa lakuda lakutchalitchi, n'kupalasa njinga kukwera zitunda.

Ulendo woyamba ndinafuna kudziwa nkhoswe yawo. "Kodi achimwene anu ali kuti masiku ano?"

"Sitimva za iwo, bambo," anayankha akuyang'ana pansi. Sindinkadziwa kuti achimwenewo anathawira ku Zambia atakangana ndi anyamata achipani.

Ulendo wotsatira ndinafuna kudziwa ngati panali mwamuna wina amene anandiyambirira. "Pakhomo pano pamafika alendo otani?"

"Palibe, bambo. Ngakhale nkhuku za eni sizifika."

Ndinabwerera ndikuimba nyimbo njira yonse.

Tsiku lina ndinalimba mtima kuti ndikhudzeko za kusungulumwa. "Nanga moyo wa masiku ano mukuuona bwanji? Sukukulemerani?"

Analowa m'nyumba, natuluka ndi khadi yachipani, n'kugwada, kundipatsa ndi manja awiri. "Moyo uli bwino kwambiri, bambo. Tikuthokoza boma."

Ine ndinangoti ndi manyazi a munthu wamayi. Khadiyo ndinaitembenuza uku ndi uku, n'kuwayamikira kuti amasunga zinthu mwaukhondo. (Mulungu andikhululukire, ndinawerenganso dzina lawo mokweza.)

Kuchokera apo, ndikangotulukira, amuna apabawo ankakhala chete. Ndinkayesa ulemu. Mpaka a Gama, mkulu wa mpingo kumeneko, anandiimitsa panjira.

"Akulu, tonse ndife Akhristu. Tiuzeni zoona, anakutumani ndani?"

Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsokomola. "Kufunsira kwake kumeneko? Mayi uja wawonda chifukwa cha inu! Wailesi anakaikwirira kumunda!"

Tsiku lomwelo ndinapita kukanena mawu anga mosapsatira. A Nabanda anaseka, misozi ili m'maso.

"Mukanangotero tsiku loyamba lija, bambo, sindikanakana. Koma mwezi wathawu ndinavomera a Mbewe, oyendetsa ngolo aja. Iwo anangondipeza kuchigayo n'kunena kuti akufuna banja. Ndinati pakhomo pakhale munthu wosamala ana tsiku limene mudzabwere ndi galimoto kudzanditenga."

Ndinatsika zitunda ndikukankha njinga. Chimene chinandiwawa si kukanidwa ayi, koma kuti mayi wosalakwa anagona ndi mantha chifukwa cha ulemu wanga. Masiku amenewo wofuna kukukonda ndi wofuna kukumangitsa ankafunsa mofanana, ndipo ine ndekha m'dera lonselo ndi amene sindinkadziwa.

Paukwati wawo a Gama anandipempha kuti ndipemphere. Amene analipo amati ndinatchula mvula, fodya, odwala ndi apaulendo, koma mpaka Amen mawu oti ukwati sanatuluke pakamwa panga.