Tsiku limene ndinasosa dimba la apongozi ku Tottenham

Anzanga, pali manyazi ena oti ukawakumbukira uli m'basi umangoseka wekha, anthu n'kumakuyang'ana. Anga ndi awa.

Chinali chaka changa choyamba ku London, m'ma 2000 muja, ndipo mtima wanga wonse unali pa Misozi, namwino wa ku Tottenham. Iye anali atandilola kale, vuto linali mayi ake, Mayi Tembo a ku Chipata. Dzina langa loti Chisomo ankalidziwa bwinobwino, koma ankangonditchula kuti "uja wa ku Thamesmead", dera limene ndinkakhala. Popanda iwo kuvomera, za ukwati panalibe.

Tsiku lina mu Novembala Misozi anandiuza kuti amayi msana wawavuta, ndipo kadimba kawo ka kuseri kwa nyumba kakufunika kukonza chisanu chisanafike. Ine mtima dyokodyoko! Kwathu ku Mchinji mkamwini amaonekera pa khasu, ndiye mwana wa mlimi ngati ine ndingalephere kadimba kochepa ngati bwalo la nyumba?

Loweruka ndinalawirira, mabasi awiri ndi sitima, ndinafika amayi akutuluka kupita ku msonkhano wa azimayi kutchalitchi. Anandipatsa kiyi wa kanyumba ka zipangizo n'kunena kuti, "Mungochotsa vamene vauma chabe. Tizabwela pa lunch."

Zouma basi? Ndinati mumtima, lero aona kusosa kwenikweni.

Ndinayamba ndi nsalu yoyera imene inali itayalidwa pamwamba pa repu. Ndinati mphepo yagwetsa zochapa za amayi, ndinaikutumula, kuipinda bwino n'kukaiika pakhomo. Ndani akanandiuza kuti kuno ndiwo zamasamba zimafunda bulangete? Kenako ndinaona bedi lina litamera timaudzu tosongoka, m'mizere yowongoka ngati asilikali, ndinati udzu wa kuno ndi waulemu bwanji, ndinazula wonse. Fungo la adyo ndinalimva ndithu, koma ndinkati akuphika ndi aneba.

Ndiye panali mtengo pakona. Tsamba ngakhale limodzi ayi, nthambi zokhazokha, gwa! Inde, mitengo ya mumsewu ndinkaiona ikuyoyoka masamba, koma ndinkati imeneyo ndi mitengo wamba ngati ya kutchire m'chilimwe. Koma wazipatso? Inu munauonapo mtengo wa mango uli mbulanda? Kapena wa gwafa? Kwathu mtengo wa zipatso ukatero ndiye kuti wasanduka nkhuni. Ndinawamvera chisoni amayi kuti akusunga maliro m'dimba, ndinatenga sowo, mphindi khumi zokha mtengo uli pansi. Unkalimba ngati wauwisi, koma ine ndinati ndi sowo yobuntha.

Pamenepo thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, ndikuimba nyimbo, ndinaunga mizere itatu yonenepa ngati ya fodya. Kusosa kumatha ndi chiyani? Moto! Ndinaunjika zonse pakati, masamba onyowa, nthambi, adyo, n'kuyatsa. Moto sunayake, koma utsi wake, mayo ine! Unakwera mpanda, kulowa m'mawindo a anthu, msewu wonse mbuu.

Ndikuwerama kuti ndiuzire, ndinangomva kulira kwa galimoto ya ozimitsa moto. Ndinati kalanga ine, kwinakwake kwapsa nyumba. Kutembenuka, azibambo anayi azipewa zachikasu ali pampanda, kumbuyo kwawo Mayi Tembo atavala yunifolomu ya kutchalitchi, Misozi, ndi azimayi ena atatu amene anabwera nawo kudzamwa tiyi.

Ozimitsa motowo anathira ndowa ziwiri zamadzi n'kumapita akuseka. Amayi anayenda pang'onopang'ono mpaka pachitsa, anatola kanthambi, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo. M'kati mobiriwira, mwamadzi. Anandionetsa pafupi ndi mphuno.

"Uyu ni apple tree wanga. Six years. Unali gone chabe, ubuka mu April."

Mtengo unali m'tulo, anzanga! Ndinapha mtengo uli m'tulo! Maapozi ake ndi amene ankagawira mpingo wonse chaka chilichonse. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe. Ndinagwada pamatope pomwepo, m'maso muli misozi ya utsi ndi ya manyazi, ndikudziwa kuti Misozi weniweniyo ndiye ndamutaya.

Mayi wina pa alendo aja analephera kudzigwira, anaphulika ndi phwete. Ena onse anatsatira. Ndinaona mapewa a Mayi Tembo akugwedezeka, kenako anakhala pansi pakhonde, kuseka mpaka kupukuta m'maso ndi nsalu ya repu ija. Atapuma anayang'ana mizere yanga nthawi yaitali.

"Koma mizere iyi, ninaiona last ku Chipata," anatero. "Chisomo, nyamukani. Muzagula mtengo wina, muzashanga mweka. Ubala after three years, ndipo mpaka nikadye apple yake, pa banja pano simuchokapo. Mwamvela, apongozi?"

Apongozi! Ine! Ndinavina ndi matope m'mawondo.

Tinakwatirana chaka chotsatira, ndipo kamtengo ndinakabzala ndi manja angawa. Koma ndinalumbira: m'dziko lino sindidzadulanso kanthu ndisanakande khungwa. Ngakhale pholo la magetsi, ndimayamba ndafunsa ngati lagona.