Chikepe Chinakana Kutsika

Dilu ya akuba atatu inapsa mabotolo atachuluka patebulo. Amene anandisimbira nkhaniyi pamalo odikirira basi ankaseka mpaka kutsamwa.

Mkulu wa gululo anali Injiniya, dzina limene analipata chifukwa anasesako m'galaja.

"Nyumba yosungira katundu ija ili ndi zenera lopanda zitsulo m'mwamba," anatero. "Pabwalo pali chikepe chokwezera anthu m'mwamba, choyendera mafuta. Lamlungu masana mlonda amakhala ku mpira. Tikwera ngati mabwana, ine ndi Chimimba. Iwe Kopa, utsale pansi uziyang'anira."

Apa ndiye panali polakwika. Kopa sankatha kuona waya wa kopa n'kuusiya uli moyo.

Lamlungu Injiniya anadina batani, chikepe chinawakweza bwinobwino mpaka pazenera. Pansi, Kopa anatopa n'kuima. Anatsegula kachitseko ka makinawo, n'kupeza valavu, kachitsulo kamene kamauza mafuta kolowera. Kali ndi makoyilo awiri amagetsi a waya wa kopa, ina yokwezera, ina yotsitsira. Akachoka, valavu imabwerera pakati n'kutseka njira zonse, chikepe n'kuuma pomwe chili. Kopa zimenezo sankazidziwa. Iye anangoona kopa. Anamasula onse awiri, ulendo.

Anzakewo anatuluka pazenera ndi makatoni, Chimimba n'kukoka zenera kuti pasaoneke chizindikiro. Linadzikhoma.

Batani, zii.

"Dinani mwaulemu, mkulu," anatero Chimimba.

"Ukundiphunzitsa ntchito, aise?"

"Nanga si ndinu injiniya? Kapena munkangosesa mbali yokwezera yokha?"

Kudumpha kunali kosatheka. Anagona pomwepo, dzuwa la Lolemba n'kuwapeza atakumbatira makatoni a matewera a ana, poti ndiwo katundu anaba.

Mwini malo anafika, anayang'ana m'mwamba, anasuzumira m'makina, kenaka anaitanitsa mpando ndi apolisi.

"Bwana, titsitseni tikambirane," anachonderera Injiniya.

"Ndikanakonda, achimwene, koma makoyilo atsopano ndi oitanitsa kutali. Matewera muli nawo, pirirani."

Apolisi ali mkati moganiza za makwerero, pageti panalowa munthu atavala jekete, kathumba m'manja. Ogula zitsulo zakale anali atamuuza kuti kopa wake ndi wochepa, akayese kwa eni makina oterowo. Makina oterowo Kopa ankadziwa amodzi okha.

"Bwana, ndamva kuti chikepe chanu chavuta," anatero. "Mwayi wanu, ndili ndi makoyilo okwana ndendende."

Anamulola kuti awamange yekha. Chikepe chinatsika bwino kwambiri, ndipo unyolo unali ukudikira pansi.